Madzi Amchere mu Thanki ya Manase

Sajeni Finau anabwera kudzandimanga Loweruka madzulo, koma anapeza azakhali Kalolaine akukazinga nsomba, choncho anayamba wadya kaye.

Atapukuta zala anandiyalira mlandu wanga mofatsa, ngati munthu wodzanena maliro. M'mawa wa tsikulo boti la Manase, lonyamula alendo okaona anamgumi, linazima injini pansi pa matanthwe a ku Hunga. Mafunde analikankhira kumiyala. Mlendo wina wachikulire wa ku Japan anagwa n'kuthyoka mkono. Heilala, mwana wa bambo anga aang'ono wobadwira ku Auckland, amene panthawiyo ankasambira pambali pa namgumi wa mwana, anatsala pang'ono kufinyidwa pakati pa boti ndi thanthwe. Anawapulumutsa ndi Kelepi, woyendetsa boti lina, amene anaponya chingwe n'kuwakokera kutali ndi miyala. Atatsegula thanki ya petulo anapezamo madzi a m'nyanja.

Zonsezi ndinali nditazimva kale, poti Neiafu, tauni yathu ya pa zilumba za Vava'u, ndi yaing'ono. Chimene sindinkadziwa n'chakuti tauniyo inali itaweruzanso kale.

Manase anali chibwenzi changa, chodziwika kwathu, kwawo ndi kumpingo. Heilala anabwera kudzaona anamgumi kwa masiku ochepa, koma anamgumi a chaka chimenecho ayenera kuti anali okoma kuwaona, chifukwa mwezi unatha iye akukwerabe boti la Manase tsiku ndi tsiku. Lachinayi pamsika ndinanena mokweza, chinanazi chili m'manja, kuti awiriwo akamire limodzi ndi anamgumi awowo. Lachisanu dzuwa litangolowa, amayi ogulitsa nsomba anandiona padoko nditawerama, ndikusuzumira m'botimo.

"Unkafunamo chiyani, mwana wanga?" anafunsa Sajeni.

"Ndinkafuna ndione ngati iwo alimo."

"Analimo?"

"Munali mathanki ndi zovala zosambirira."

"Eya, mathanki," anatero mwachisoni.

Anafotokoza kuti Manase anadzaza yekha petulo dzuwa likulowa, ndipo mlonda wa padoko atafika palibe anayandikiranso botilo. Madziwo analowa pakati pamenepo. Nthawi imeneyo amuna onse a padoko anali mu holo ya mpingo akumwa kava, chakumwa chathu cha mizu yosinja, aliyense ndi mboni zodzaza chipinda. Ine mboni yanga inali buku limene ndinakagona nalo nditachoka padoko, ndipo buku silingalumbire pamaso pa woweruza.

Azakhali anaika supuni pansi n'kunena kuti mwana wa mlongo wawo sagona m'chitokosi iwo ali moyo. Sajeni anawayankha ndi ulemu wonse kuti n'chifukwa chake akulola Sabata lidutse.

"Lolemba m'mawa ubwere wekha kupolisi, Lesieli. Usandikweretse chitunda chino kawiri."

* * *

Ku yunivesite ku Suva ndinaphunzira masamu, ndipo digiri yangayo inkagwira ntchito yonyamula tiyi m'nyumba ya alendo ya azakhali. Ndimakonda mafunso ovuta, makamaka akakhala a anthu ena. Ili linali langa, ndipo ndinali ndi tsiku limodzi, tsiku limene dziko lonse limatseka sitolo, kumangirira maboti n'kupita kukaimba.

Mboni zanga zoyamba zinadzibweretsa zokha pa kadzutsa. Bambo ndi Mayi Hollis a ku Adelaide, opuma pantchito, anakwera boti la Kelepi Loweruka, ndipo mayiwo anali asanakhululuke. Anati anasunga ulendo umenewu mumtima kuyambira ana awo ali aang'ono. Anagula zipewa, mankhwala a chizungulire ndi galasi loonera kutali. Atafika panyanja, oyendetsa maboti ena ankaitanizana pa wailesi kuti kum'mwera kuli anamgumi akudumpha ngati ana a mbuzi, koma Kelepi anangotsitsa mawu a wailesiyo n'kumapitabe kumadzulo.

"M'mawa wonse tinaona msana wa boti lachikasu. Ngati n'kuona maboti, mwanawe, kwathu aliko," anatero mayiwo.

"Ine ndinaona mchira," anatero bambo Hollis, maso ali m'kapu.

"Munaona funde, Desmond."

"Linali ndi mawanga oyera kunsi."

Mayiwo anapaka batala pabuledi ngati akumulanga. Mchirawo unatuluka iwo atawerama kufunafuna magalasi m'chikwama, ndipo zinkaoneka kuti ukwati wawo udzaukumbukira mpaka kumanda. Kenaka anaonjezera, pofuna kusonyeza kuti si anthu osayamika, kuti mnyamatayo ndi ngwazi ndithu: boti lachikasu lisanayambe n'komwe kutengeka, iye anali atatulutsa kale chingwe n'kuchikonza pamiyendo pake.

Ndinawathiriranso tiyi mpaka anasefukira. Boti lachikasu m'Neiafu ndi limodzi lokha, la Manase. Ndinaganiza za mpulumutsi amene amakonza chingwe ngozi isanafike.

* * *

Manase ndinamugwira pakhomo la tchalitchi anthu akutuluka. Anali atamanga m'chiuno mkeka wake wosalala, monga timavalira kuno popita kutchalitchi, tsitsi likunyezimira mafuta a kokonati, ndipo ankalandira mapepeso a amayi a kwaya ngati wamasiye. Atandiona anayang'ana kumanja ndi kumanzere, ngati pali msewu woti awoloke.

Sindinamufunse za ife. Ndinamufunsa za mathanki. Ananena kuti ali nawo awiri pansi pa mipando, ndipo madzi anali m'yakumanja yokha. Masiku onse amayambira yakumanjayo. Ngakhale Kelepi ankamuseka nazo kale, onse awiri akugwira ntchito m'boti limodzi, kuti amachita ngati lamulo la Mose.

"Ndiye ukanayambira yakumanja dzulo?"

"Ikanazima padoko pompo, chingwe chisanaume."

"Nanga unayambiranji yakumanzere?"

Anakanda khutu. Anati Heilala anali atakhala kale pampando wakumanja, kamera ili pamiyendo, ndipo sanafune kumudzutsa. Anasinthira ku Hunga, Heilala atalowa m'madzi.

Zaka zonse zimene ndakwera boti limenelo, Manase wandidzutsa pampando umenewo osanena n'komwe pepani. Ndinamuthokoza chifukwa cha umboni wake, ndipo mawu anga anatuluka aulemu kwambiri moti iye anachita mantha.

* * *

Mdala Paea, woyang'anira kava wa mu holo ya mpingo, anali pansi pa mtengo wa mango akudikira kuti wina amuitanire chakudya. Amalankhula pang'onopang'ono ngati munthu amene lilime lake linachita dzanzi kalekale n'kusadzukanso. Ndinamufunsa ngati Kelepi analipo Lachisanu.

"Kelepi ndi nsanamira ya holo imeneyo, mdzukulu wanga. Ukaona holo yaima, dziwa kuti Kelepi alimo. Ndinawauzanso a Sajeni."

"Munamuona ndi maso?"

Anati anamupatsa moni asanayambe, ali pamalo ake a masiku onse pakona, gitala ili pambali. Ndinafunsa ngati anamuonanso pambuyo pake. Mdalayo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ukundifunsa ngati ndinkayang'ana Kelepi? Iwe ukudziwa amene ankasungunula kava Lachisanu?"

Sindinkadziwa. Amuna akafuna kuti holo idzaze amaitana mtsikana wosakwatiwa kuti adzakhale pambale yaikulu, azisungunula ndi kuthira m'zikho, iwo akumuimbira ndi kumuseka. Ine anandiitanako kamodzi, kunabwera anthu okwana kunyamula tebulo. Lachisanu anaitana Heilala. Paea anati sanaonepo holo itadzaza chotero, ena anakhala pamasitepe. Ngakhale abusa athu opuma, ng'ala m'maso onse awiri, ankangopempha chikho china kuti amve mawu a mtsikanayo akuti landirani.

Panatsala funso limodzi limene silinkakhudza mlandu, ndipo ndinalifunsa. Pambali pa mtsikana wosungunula pamakhala malo amene anyamata amalimbirana, malo a wofunsira. Ndinafunsa amene anakhalapo Lachisanu.

Mdalayo anayang'ana mango osapsa pamwamba pathu kwa kanthawi.

"Manase wako uja ali ndi mboni zabwino kuposa munthu aliyense m'Vava'u muno," anatero. "Sanasunthe pamenepo ngakhale kukataya madzi."

* * *

Kunyumba anali atafukula uvuni wa pansi. Fungo la zilazi ndi nyama yokulunga m'masamba a koko linali pabwalo ponse, ndipo pakati pa mkeka panali nsomba yaikulu yofiira imene sitinagule. Heilala anakhala pafupi nayo, bondo litamangidwa nsalu, wokongola ngakhale atakwalulidwa ndi miyala, zimene ndinaona kuti si chilungamo. Chinenero chathu amachilankhula ngati munthu woyenda ndi nsapato za wina, mothamanga ndi mopunthwa, osachita manyazi.

"Lesi, ine sindikhulupirira kuti ndi iwe," anatero ndisanakhale n'komwe. "Ukanafuna kundipha ukanaika m'tiyi. Umandipangira tsiku lililonse."

Ndinamuthokoza chifukwa cha nzeruyo n'kufunsa za nsomba. Anati yachokera kwa Kelepi, ndipo si yoyamba. Munthu ameneyu sankamumvetsa. Atangofika kumene ankakwera boti lake, ndipo Kelepi ndi amene anamuphunzitsa kuyandama osamenya madzi kuti namgumi wa mwana asathawe. Ankaimba, ankamusegulira kokonati, ankamufunsa mafunso ambirimbiri: kusukulu, kuntchito, kwawo kwa amayi ake. Kenaka tsiku lina m'mawa anangomutumiza ku boti la Manase, osanena chifukwa. Kuyambira pamenepo akamuona amawoloka msewu. Akalowa m'sitolo, iye amatuluka osagula. Ngakhale dzulo pomutulutsa m'madzi anamugwira dzanja nkhope itayang'ana kunyanja, n'kumuponyera malaya ake kuti afunde.

"Amadana nane, koma amanditumizira nsomba. Amuna a kuno ndi odwala?"

Ndinasiya chilazi chili m'njira yopita kukamwa. Mwamuna wokanidwa amatukwana, amaledzera, kapena amakwatira msanga kuti uone. Koma wothawa chipinda chimene walowa, woyang'ana kumbali ukavala zosambirira, n'kumakutumizira nsomba yabwino ya ukonde wake popanda mawu, ameneyo aliyense wokulira kuno amamudziwa. Ndi momwe mwamuna amalemekezera mlongo wake.

"Unamuuza kuti amayi ako kwawo n'kuti?"

"Ku Kapa. Bwanji?"

Ku Kapa n'kwawonso kwa makolo a Kelepi. Ndinatembenukira kwa azakhali, amene mibadwo ya anthu onse a zilumba zino amaisunga m'mutu kuti azidziwa woyenera kubweretsa nkhumba pamaliro. Anatseka maso, milomo ikuyenda. Amayi a Heilala anachoka ku Kapa ali mwana ndipo kuno anthu anawaiwala, koma azakhali saiwala. Atatsegula maso anati agogo aakazi a Kelepi ndi agogo a Heilala anayamwa bere limodzi.

"Ndi mlongo wako ameneyo, mwana iwe. Sanakuuze?"

Heilala anaomba m'manja, kusangalala kuti wapeza m'bale. Ine ndinkaganiza za holo. Mtsikana akalowa kudzasungunula kava, mwamuna aliyense amene ndi mlongo wake amanyamuka n'kutuluka. Nthabwala za mmenemo sizimveka pamaso pa mlongo. Palibe amamuuza, palibe amamutsanzika, ndipo Lachisanu palibe ankayang'ana pakona.

* * *

Padoko panali zii. Maboti onse anali omangirira, akugundana pang'onopang'ono, ndipo Kelepi anakhala kumapeto kwa matabwa atavalabe zakutchalitchi, mapazi akulendewera pamwamba pa madzi. Ndi munthu wamkulu thupi, wosowa mawu. Ndinakhala chapatali n'kumuyalira zonse monga mphunzitsi pabolodi: wailesi imene anatsitsa, chingwe chimene anakonza, thanki yakumanja, agogo awiri a ku Kapa.

Anamvetsera mpaka kumapeto osandiyang'ana.

"Inkayenera kuzima pano," anatero. "Pano, alendo akuona, iye akutuluka thukuta pa injini ngati chitsiru. Basi."

Anati atawaona akutuluka padoko injini ikulira bwinobwino, anadziwa kuti zalakwika. Pa wailesi sakananena, maboti onse akumva. Anangowatsatira, akupemphera kuti asinthe thanki ali pamadzi odekha.

"Kunena sukanatha, koma kuti ine ndikagone kupolisi ukanatha."

"Ndimati sapeza umboni. Ndimati zingozilala."

Ndinamufunsa chifukwa chake, ngakhale ndinkachidziwa. Ndinkafuna kumva mmene chimamvekera m'kamwa mwa munthu wina. Anati Lachisanu atatuluka pakhomo lakumbuyo sanapite kunyumba. Anaima panja, pazenera. Anaona Manase akukhala pambali pa mbale. Anaona Heilala akumupatsa chikho ndi manja awiri, akuseka, ndipo nyimbo imene Manase anamuimbira inali pa gitala ya Kelepi yemweyo, imene anaisiya pakona.

"Ndi mlongo wako, Kelepi."

"Ndinamudziwa asanakhale mlongo wanga."

Anapukuta nkhope ndi chikhatho. Kundende anati sakuopa. Koma chifukwa chakecho chikamveka, amayi ake sadzalowanso m'tchalitchi, ndipo ku Kapa dzina lawo lidzakhala nthabwala ya pa kava kwa mibadwo. Mwamuna kuchitira nsanje mlongo wake, kuno kulibe ngakhale mawu oti unenere.

Ndinamuuza kuti apite yekha kwa Sajeni belu la madzulo lisanalire. Akanene kuti Manase ankamulanda alendo. Chifukwa chimenecho aliyense achikhulupirira, ena amumvera n'chisoni. Akapanda kupita, ine ndikauza azakhali zonse, ndipo azakhali akadziwa chinthu safuna wailesi.

"Ukundichitiranji chifundo?"

"Si chifundo. Kungoti zenera limenelo ndikulidziwa."

Kenaka anavala nsapato, anakonza mkeka wa m'chiuno, n'kuyamba kukwera chitunda cha kunyumba kwa Sajeni. Ndinamutsatira ndi maso mpaka analowa pageti, chifukwa chifundo changa chili ndi malire.

* * *

Nkhani inafika kwathu ine ndisanafike. Pageti ndinapeza Manase, buku la nyimbo lili m'khwapa. Anayamba kulankhula ndisanatseke n'komwe: kuti Kelepi ndi njoka, kuti anthu ansanje pa bizinesi ndi oopsa, kuti iye sanagone ndi nkhawa za ine. Kenaka, pofuna kuti ndimve kwa iye osati kwa ena, anavomera kuti dzina langa kupolisi analitchula ndi iyeyo. Sajeni anamufunsa amene wamukwiyira, ndiye akanati chiyani?

"Unaganizadi kuti ndingamize boti lodzaza anthu chifukwa cha iwe?"

"Umandikonda kwambiri, Lesi," anatero, akumwetulira chapansipansi. "Anthu onse amadziwa."

Ndinamuyang'ana bwinobwino, ndipo ndinapeza yankho la funso limene sindinafunse. Munthuyu sanali ndi manyazi. Anali wokhumudwa. Kuyambira dzulo wakhala akuyenda m'tauni ngati mwamuna amene mkazi angaphe anthu chifukwa cha iye, ndipo tsopano anali woyendetsa boti wamba amene mnzake anamuthirira madzi m'petulo.

"Ndiye kuti si iwe ndithu?" anafunsanso, ngati pangakhale kachiyembekezo.

"Pepa. Ndinali ndi buku labwino."

Anaseka mosakhazikika n'kunena kuti tiiwale zonse. Heilala akubwerera Lachinayi, anamgumi nawo achoka mu Okutobala, ndipo zinthu zibwerera mwakale.

Ndinalowa n'kukoka geti pakati pathu.

"Iwo achoka pa nthawi yawo," ndinatero. "Ine ndawatsogolera."